Maboma a Karnataka: Chitradurga, Tauni ya Linga la Miyala M'dziko la Mvula Yochepa

Chitradurga ndi tauni yomwe ili pakatikati pa chigawo cha Karnataka, kumwera kwa dziko la India, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Bengaluru, ndipo ndiyo likulu la boma lomwe limadziwikanso ndi dzina lomweli. Karnataka ndi chimodzi mwa zigawo za India zomwe zili ndi nyumba ya malamulo ndiponso nduna zakezake, ndipo malire ake anadulidwa mu 1956 potsata madera omwe anthu ambiri amayankhula Chikannada, chiyankhulo chomwe chili m'banja limodzi ndi Chitamil, Chitelugu ndi Chimalayalam. Dzina la tauniyi linachokera ku dzina lakale lakuti Chitrakaldurga, lomwe ndi mawu atatu olumikizana: chitra, kutanthauza chithunzi kapena chinthu chokongola m'maso, kal, kutanthauza mwala, ndi durga, kutanthauza linga. Angerezi, pa nthawi yomwe ankalamulira India, ankalilemba kuti Chitaldrug, pomwe eni dera pocheza amangodula n'kunena kuti Durga.

Yemwe akufuna kumvetsa mbiri ya Chitradurga ndiponso mmene anthu ake akhalira ayenera kuyambira pa zinthu ziwiri zomwe chilengedwe chinapatsa derali mosalingana, zomwe ndi miyala yambirimbiri ndi madzi ochepa. Mafumu omwe anatchuka kuno anatchuka chifukwa chodziwa kusandutsa miyala kukhala chitetezo ndiponso kusunga dontho lililonse la mvula, ndipo mafunso omwe alimi a m'bomali akufunsa atsogoleri awo lero lino sakusiyana kwenikweni ndi omwe makolo awo ankalimbana nawo zaka mazana anayi zapitazo.

Nthaka, mphepo ndi mtsinje umodzi

Boma la Chitradurga ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 8,440, ndipo lagawidwa m'madera 6 omwe amatchedwa taluk, mawu otanthauza gawo laling'ono la boma lomwe lili ndi ofesi yake ya za malo ndi misonkho. Madera amenewa ndi Chitradurga, Challakere, Hiriyur, Holalkere, Hosadurga ndi Molakalmuru, ndipo chakum'mawa bomali limachita malire ndi chigawo cha Andhra Pradesh. Kale linali lalikulu kuposa pamenepa, koma mu 1997 mbali yake ya kumpoto chakumadzulo, yomwe inali ndi madzi othirira okwanira ndiponso mafakitale a nsalu, inadulidwa n'kukhala maziko a boma latsopano la Davanagere. Tauni yeniyeniyo ili pamalo okwera mamita opitirira 700 kuchokera pamwamba pa nyanja, m'tsinde mwa mapiri a Chinmuladri, pomwe pakumana misewu iwiri ikuluikulu, wina wochokera ku Bengaluru kupita ku Pune ndi Mumbai, wina wolowera kumpoto kudzera ku Hosapete, kufupi ndi mabwinja a mzinda wakale wa Hampi.

Anthu oyankhula Chikannada amasiyanitsa malenadu, dziko la mapiri ndi nkhalango la kumadzulo komwe mvula imagwa yambiri, ndi bayalu seeme, dziko la zidikha zoyera komwe mitengo ndi yochepa. Chitradurga ili m'dziko lachiwirili, ndipo chifukwa chake ndi mapiri a Western Ghats, omwe amatchinga mphepo ya monsuni yochokera ku nyanja ya Arabia pakati pa June ndi September, kotero kuti mitambo imakhuthulira madzi ake kumadzulo n'kufika kuno itapepuka. Madera a Challakere ndi Molakalmuru ali m'gulu la madera ouma kwambiri mu Karnataka yense, ndipo chilala, chomwe eni ake amachitcha baragala, chimabwera kawirikawiri kotero kuti mlimi amachiwerengera akamakonzekera dzinja. Mtsinje waukulu m'bomali ndi umodzi wokha, Vedavathi, womwe umayamba pomwe timitsinje ta Veda ndi Avathi takumana pochokera kumapiri a Chikkamagaluru, ndipo ukadutsa Hiriyur ndi Challakere umakathira mu Tungabhadra, koma miyezi yambiri ya chaka umangokhala mchenga.

Miyala ya kuno ndi ina mwa miyala yakale kwambiri mu India, pakuti akatswiri a nthaka amati granite yemwe wapanga mapiri ozungulira tauniyi ali ndi zaka zopitirira mabiliyoni awiri ndi theka. Dzuwa ndi mvula ya zaka zosawerengeka zinang'amba matanthwe amenewa n'kusiya miyala yobulungira ikuluikulu itasanjikizana pamwamba pa inzake, ina itangotsamira pakamwala kakang'ono moti mlendo amaopa kudutsa pansi pake. M'nthaka yomweyi muli chitsulo ndi manganese, ndipo ku Ingaldhal kunali mgodi wa kopa. Mphepo nayo ndi chuma cha derali, popeza imawomba mwamphamvu m'mizere ya mapiri, ndipo lero yemwe akuyandikira tauniyi amayamba waona makina ataliatali opanga magetsi ndi mphepo atandandalika pazitunda asanaone makoma a linga.

Zomwe miyala inasunga

Anthu anayamba kukhala m'derali kalekale, ndipo umboni wake unapezeka pa malo awiri, Brahmagiri m'dera la Molakalmuru ndi Chandravalli, chigwa chomwe chili makilomita ochepa kuchokera m'tauni. Mu 1892, B. Lewis Rice, yemwe ankayang'anira ntchito yofufuza zakale mu ufumu wa Mysore, anapeza malemba ozokotedwa pamatanthwe a ku Brahmagiri, Siddapura ndi Jatinga Rameshwara, omwe anali uthenga wa mfumu Ashoka ya ufumu wa Maurya, yomwe inkalamulira cha m'ma 250 Khristu asanabadwe. Malembawa amatchula akuluakulu a tauni ya Isila, ndipo anasonyeza akatswiri kuti ulamuliro wa Ashoka, yemwe likulu lake linali kutali ku Pataliputra m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, unafika mpaka kumwera kuno. Mlembi yemwe anawazokota, dzina lake Chapada, analemba uthengawo m'zilembo za Brahmi, koma mawu otchula ntchito yake anawalemba m'zilembo za Kharoshthi, zomwe zinkagwiritsidwa ntchito kumpoto chakumadzulo kwa India, ndipo ichi chimasonyeza kutalika kwa maulendo omwe antchito a mfumu ankayenda.

Mu 1947 Mortimer Wheeler anafukula malo onse awiri, ndipo ku Brahmagiri anapeza mibadwo itatu itasanjikizana m'nthaka: pansi penipeni anthu a nkhwangwa za miyala, pakati anthu odziwa chitsulo omwe ankaika maliro m'manda ozunguliridwa ndi miyala ikuluikulu, ndipo pamwamba anthu a nthawi ya mafumu a Satavahana. Ku Chandravalli kunapezeka ndalama zachitsulo za mafumu a Satavahana komanso za ku Roma, umboni wakuti chigwa chimenechi chinali pa njira ya malonda akutali. Komweko kulinso mwala wolembedwa wa Mayurasharma, yemwe anayambitsa ufumu wa Kadamba m'zaka za m'ma 300, ndipo nkhani yomwe mfumuyo inafuna kuti ikumbukiridwe pamwalapo, pamodzi ndi kupambana kwake pankhondo, ndi ntchito ya dziwe losungira madzi. Pambuyo pake derali linakhala pansi pa mafumu a Chalukya, Rashtrakuta, Nolamba, Hoysala ndi Vijayanagara, aliyense kusiya akachisi ndi malemba ake.

Mafumu a Nayaka ndi linga la makoma 7

Nthawi yomwe anthu a ku Chitradurga amanyadira kwambiri ndi ya mafumu a Nayaka, omwe anali a mtundu wa Beda, anthu odziwika ndi ulenje, kuweta ziweto ndiponso usilikali wa m'mapiri. Woyamba wawo, Timmanna Nayaka, anapatsidwa derali ndi mafumu a Vijayanagara kuti akhale palegara, kutanthauza mfumu yaing'ono yomwe imasunga asilikali ake n'kumapereka msonkho kwa mfumu yaikulu. Ufumu wa Vijayanagara utagonja pa nkhondo ya Talikota mu 1565, mafumu ang'onoang'ono otere anayamba kudziimira paokha, ndipo a ku Chitradurga analamulira kwa zaka pafupifupi 200 mpaka mu 1779. Mwa iwo, Bharamanna Nayaka, yemwe analamulira kuyambira mu 1689 mpaka mu 1721, amakumbukiridwa koposa chifukwa cha akachisi, makoma ndi maiwe omwe anamangitsa.

Linga lomwe anakuza limatchedwa Elusuttina Kote, kutanthauza linga la mizere 7 yozungulira, ndipo ena amalitcha Kallina Kote, linga la miyala. Amisiri anadula granite m'zibenthu zikuluzikulu n'kuzilumikiza popanda matope kapena laimu pakati pake, ndipo pomwe panali thanthwe lachilengedwe analisiya kuti likhale mbali ya khoma, kotero kuti pamalo ena diso silitha kusiyanitsa ntchito ya munthu ndi ya chilengedwe. Njira zolowera pazipata zinapangidwa zokhotakhota kuti njovu za adani zisapeze pothamangira pofuna kugumula chitseko, ndiponso kuti gulu la asilikali likamakhota lizilasidwa kuchokera pamwamba. Mkati mwa linga la pamwamba muli akachisi 18, ndipo wotchuka ndi wa Hidimbeshwara, yemwe mwambo wa anthu umamulumikiza ndi nkhani ya Bhima ndi chiphona Hidimba ya m'buku lakale la Mahabharata. M'munsi muli mphero zinayi zamiyala zomwe zinkapera onga wa mfuti, zokhazikidwa m'dzenje lozungulira lomangidwa ndi miyala.

Komabe luso lalikulu la lingali ndi la madzi. Phiri la miyala silisunga madzi m'kati mwake, ndipo linga lopanda chitsime limagwa lokha adani akangolizinga kwa miyezi ingapo, choncho amisiri a Nayaka anatsata njira zomwe mvula imatsetserekera pamatanthwe n'kumanga maiwe, omwe m'Chikannada amatchedwa honda, motsatizana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dziwe la Gopalaswamy Honda likadzaza, madzi amasefukira m'maiwe awiri oyandikana otchedwa Akka-Thangi Honda, kutanthauza maiwe a mkulu ndi mng'ono wake, kenaka n'kutsikira ku Sihineeru Honda, dziwe la madzi okoma, mpaka ku Santhe Honda, dziwe la pamsika, lomwe lero lili pakati pa nyumba za m'tauni. Madzi omwe dziwe lina lalephera kusunga ankalandiridwa ndi linzake, ndipo otsala ankadzaza ngalande yoteteza linga.

Hyder Ali ndi mayi wa munsi

Mfumu yomaliza, Madakari Nayaka, inalamulira pa nthawi yomwe dziko lake linapanikizika pakati pa mphamvu ziwiri, Amaratha kumpoto ndi Hyder Ali wa ku Mysore kumwera, ndipo inayesa kupulumuka pogwirizana ndi mbali iyi lero, mbali inayo mawa. Hyder Ali anazinga lingali kangapo osaphula kanthu, mpaka mu 1779 pomwe analilanda, ndipo Madakari Nayaka anatengedwa ukaidi ku Srirangapatna komwe anakafera, ndipo anthu zikwi zambiri a mtundu wa Beda nawonso anasamutsidwira komweko.

Nkhani yomwe mwana aliyense wa sukulu mu Karnataka amaidziwa kuchokera ku nkhondo zimenezi ndi ya Obavva, mkazi wa mlonda yemwe ankayang'anira mpata wopapatiza pakati pa matanthwe. Malinga ndi mwambo womwe wasungidwa pakamwa, mwamunayo atapita kunyumba kukadya, Obavva anapita kukatunga madzi ndipo anaona asilikali a Hyder Ali akukwawa mmodzimmodzi kudzera pampatapo. Iye anatenga onake, womwe ndi munsi wosinjira wokhala ndi chitsulo kumapeto, n'kuima pambali pa mpatawo, ndipo msilikali aliyense akangotulutsa mutu ankamukantha n'kukokera mtembo pambali kuti wotsatira asadziwe kanthu, kufikira mwamuna wake atabwerera n'kuliza lipenga. Mpatawo ulipobe ndipo umatchedwa Obavvana Kindi, ndipo ndi wothina kotero kuti munthu wamkulu amayenera kuwerama n'kukwawa kuti adutse. Bwalo la masewera la m'tauniyi lili ndi dzina lake, ndipo kuyambira mu 2021 chigawo cha Karnataka chimamukumbukira pa 11 November chaka chilichonse. Mlembi T. R. Subba Rao, wodziwika ndi dzina lakuti TaRaSu, analemba mabuku angapo a nkhani za mafumu a Nayaka, ndipo buku lake la Durgastamana, lofotokoza kugwa kwa lingali, linalandira mphotho ya Sahitya Akademi mu 1985, iye atamwalira kale.

Kuchokera ku Mysore kufika ku Karnataka

Tipu Sultan, mwana wa Hyder Ali, ataphedwa ndi Angerezi mu 1799, Chitradurga inakhala mbali ya ufumu wa Mysore pansi pa banja la Wadiyar, ndipo patapita nthawi linga linasiya kukhala ndi ntchito ya nkhondo, kotero kuti lero limasamalidwa ndi bungwe la Archaeological Survey of India. Ntchito yaikulu yomwe ufumu wa Mysore unasiya m'bomali ndi damu la Vani Vilasa Sagara, lomwe linatseka mtsinje wa Vedavathi pa mpata wa Mari Kanive kufupi ndi Hiriyur. Linamalizidwa mu 1907 ndipo linapatsidwa dzina la mfumukazi Vani Vilasa Sannidhana, yomwe inagwirizira ufumu mwana wake Krishnaraja Wadiyar IV ali wamng'ono. Madzi ake anasandutsa mbali ina ya Hiriyur kukhala dziko la kokonati ndi nzimbe, koma kuchepa kwa mvula kumaonekera pa mfundo yakuti damuli litasefukira mu 1933, silinasefukirenso mpaka mu September 2022, patapita zaka 89.

Pa ndale, tauniyi imadziwika ndi S. Nijalingappa, loya yemwe anakhala ku Chitradurga, anamenyera ufulu wa India ndiponso analimbikira kuti madera onse oyankhula Chikannada akhale chigawo chimodzi. Chigawocho chitakhazikitsidwa pa 1 November 1956 iye ndiye anakhala nduna yake yaikulu yoyamba, ndipo dzina la chigawocho, lomwe linali Mysore, linasinthidwa kukhala Karnataka mu 1973. Nijalingappa anamwalirira ku Chitradurga mu 2000.

Anthu ake

Kalembera wa 2011 anapeza anthu 1,659,456 m'boma lonse, ndipo opitirira 140,000 mwa iwo ankakhala m'tauni ya Chitradurga. Pa sikweya kilomita iliyonse panali anthu 197, pomwe m'chigawo chonse cha Karnataka panali 319, ndipo m'zaka khumi zapambuyo pa 2001 chiwerengero cha anthu chinakwera ndi 9 pa 100 alionse pomwe cha chigawo chonse chinakwera ndi oposa 15. Manambala amenewa akusonyeza dziko lomwe silitha kudyetsa anthu ochuluka, ndiponso lomwe ana ake ambiri amapita kukafuna maganyu ku Bengaluru kapena m'minda ya khofi ya ku Chikkamagaluru mvula ikavuta. Anthu 4 mwa 5 alionse ankakhala kumidzi, akazi anali 974 pa amuna 1,000 alionse, ndipo odziwa kulemba ndi kuwerenga anali pafupifupi 74 pa 100 alionse, ngakhale kuti akazi anali m'mbuyo kwambiri poyerekeza ndi amuna.

Oposa 80 pa 100 alionse amayankhula Chikannada monga chiyankhulo chobadwa nacho, ndipo otsalawo amayankhula Chiurdu, makamaka Asilamu a m'matauni, Chitelugu m'midzi ya m'malire ndi Andhra Pradesh, ndiponso Chilambadi cha anthu a mtundu wa Banjara. Oposa 90 pa 100 alionse ndi Ahindu, ndipo pakati pawo gulu la Lingayat, lotsata chiphunzitso cha Basavanna wa m'zaka za m'ma 1100 yemwe ankatsutsa kusankhana chifukwa cha kubadwa, lili ndi malo akuluakulu achipembedzo otchedwa matha, monga Murugha Matha m'tauni ndi Taralabalu Matha ku Sirigere, omwe amayendetsanso sukulu ndi nyumba zogona ophunzira. Chosiyanitsa kwambiri bomali ndi kuchuluka kwa magulu omwe malamulo oyendetsera dziko la India amawasungira malo m'sukulu, m'ntchito za boma ndi m'nyumba ya malamulo chifukwa cha kuponderezedwa kwa kale: pafupifupi 23 pa 100 alionse ndi a magulu otchedwa Scheduled Castes, ndipo pafupifupi 18 ndi a Scheduled Tribes, ambiri mwa iwo a mtundu wa Beda womwe unabala mafumu a linga aja.

Minda, malo odyetsera ndi ndege

Mlimi wa ku Chitradurga amadalira mbewu zopirira ku dzuwa, monga mtedza, mapira, mpendadzuwa, thonje, anyezi ndi mawere, omwe kuno amatchedwa ragi ndipo ufa wake amaphikira ragi mudde, chakudya cholimba choumbidwa m'mipira, chofanana ndi nsima ya mawere. Challakere inakula chifukwa cha makina ofinya mafuta a mtedza ndiponso msika wa kambli, mabulangete aubweya wa nkhosa olukidwa pamanja, pomwe Molakalmuru imadziwika ndi nsalu za sari za silika. Omwe anakwanitsa kukumba mijigo anabzala makangaza ndi mitengo ya areca, yomwe mtedza wake anthu amatafuna ndi tsamba la betel, koma mbewu zopindulitsa zoterezi zimamwa madzi ambiri, ndipo mijigo imanka ikumbidwa mozama chaka ndi chaka pomwe madzi apansi akutsika.

Kuuma ndi kutakasuka kwa dzikoli kwakopanso alendo a mtundu wina. Maekala pafupifupi 10,000 a malo odyetsera ziweto otchedwa kaval m'dera la Challakere, omwe kale anapatulidwira ng'ombe zamphamvu za Amrit Mahal zomwe zinkakoka mizinga ya ankhondo a Mysore, anaperekedwa ku mabungwe a sayansi ndi chitetezo monga DRDO, ISRO, BARC ndi Indian Institute of Science. Pa bwalo loyesera ndege la kumeneko, mu April 2023, ISRO inateretsa bwinobwino chombo chamapiko choyesera chopanda woyendetsa, chomwe cholinga chake n'chakuti zombo zopita mlengalenga zizibwerera n'kugwiritsidwanso ntchito. Abusa a nkhosa ndi oluka kambli, omwe ankadalira msipu umenewu, anadandaula mpaka kubwalo la milandu ya zachilengedwe, pakuti mpanda womwe umateteza ntchito za sayansi ndi womwewo umatsekera nkhosa zawo kunja.

Chiyembekezo chachikulu cha alimi chili pa ntchito ya Upper Bhadra, yomwe cholinga chake n'kupopa madzi a mitsinje ya Tunga ndi Bhadra kuchokera ku malenadu, kuwadutsitsa m'ngalande ndi mumphanga yoboola phiri kufupi ndi Ajjampura, kuti athirire mahekitala pafupifupi 225,000 m'maboma anayi ndi kudzaza maiwe akumidzi opitirira 360, komanso kuwonjezera madzi mu Vani Vilasa Sagara. Mu bajeti ya 2023 boma la India linalengeza thandizo la marupi mabiliyoni 53 pa ntchitoyi, yomwe anthu akhala akuipempha kwa zaka makumi angapo. Madzi obwera kuchokera kutali adzathandiza pokhapokha akapeza maiwe a m'midzi, omwe amatchedwa kere, ali okumbidwa bwino, opanda matope ndiponso olumikizana monga analili a palinga, popeza nzeru yomwe inachirikiza Chitradurga kuyambira nthawi ya Mayurasharma inali yakuti mvula yochepa imakwanira anthu omwe akonzeratu poisungira isanagwe.